Mmene Mungayendere Mzinda wa Luxor m'Masiku Awiri a Kumapeto kwa Sabata

Luxor ndi mzinda umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Nile, pamtunda wa makilomita oposa 600 kum'mwera kwa Cairo, ndipo unamangidwa pamalo pamene kale panali Thebes, likulu la chipembedzo la dziko la Egypt pa nthawi imene ufumuwo unali wamphamvu kwambiri, kuyambira cha m'ma 1550 mpaka cha m'ma 1070 BC. Akachisi ndi manda a kumeneko anaikidwa pa mndandanda wa malo otetezedwa wa bungwe la UNESCO m'chaka cha 1979. Malo oyenera kuwaona ndi ambiri moti munthu amene ali ndi Loweruka ndi Lamlungu lokha sangawamalize, ndipo amene amayesa kutero amabwerera kwawo atatopa, foni itadzaza zithunzi, koma osakumbukira kuti manda awa anali a yani ndipo kachisi uja anamangidwa ndi mfumu iti. Choncho ntchito yaikulu pokonzekera ulendowu ndi kusankha malo ochepa ndi kuwapatsa nthawi yokwanira. Zinthu ziwiri ndi zimene zikutsogolereni posankha: mtsinje, umene unagawa mzindawu pawiri, ndi dzuwa, limene limalamula maola amene munthu angathe kuyenda.

Tsidya la kum'mawa ndi kumene kuli mzinda weniweni, siteshoni ya sitima, bwalo la ndege, ndiponso akachisi awiri akuluakulu a Karnak ndi Luxor. Tsidya la kumadzulo, kumene dzuwa limalowera, ndi kumene anthu akale ankaika akufa awo, ndipo kuli manda a mafumu ndi akachisi amene mafumuwo anamanga kuti azikumbukiridwa. Mukapereka tsiku limodzi ku tsidya lililonse, simudzataya maola powoloka mtsinje kangapo.

Nyengo, mayendedwe ndi pogona

Pitani pakati pa mwezi wa October ndi April. Miyezi ya June, July ndi August kumatentha kupitirira madigiri 40, ndipo m'zigwa za miyala za kumadzulo mulibe mtengo ngakhale umodzi woti munthu angausepo. M'miyezi ya December ndi January masana kumakhala bwino, koma m'bandakucha ndi usiku kumazizira, choncho tengani juzi. Mvula siigwa kawirikawiri kumeneko, kotero ambulera ingakuthandizeni pa dzuwa lokha.

Dziwaninso kuti ku Egypt masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, pamene Lamlungu ndi tsiku la ntchito. Malo a mbiri yakale amatsegulidwa masiku onse, koma Lachisanu masana masitolo ambiri amatsekedwa chifukwa cha mapemphero, ndipo pa masiku awiri opumawo mabanja a ku Egypt nawonso amabwera kudzaona akachisi. Ngati ulendo wanu wagwa m'mwezi wa Ramadan, yembekezerani kuti malo ena atseka msanga ndipo musadye kapena kumwa poyera pamaso pa anthu osala kudya.

Kuchokera ku Cairo, ndege imatenga pafupifupi ola limodzi, pamene sitima yapamtunda ya usiku, yokhala ndi zipinda zogona, imatenga maola pafupifupi 10. Kwa munthu wa masiku awiri, ndege yofika Lachisanu madzulo ndiyo yabwino, chifukwa imakupatsani usiku umodzi woonjezera. Pa nkhani ya pogona, tsidya la kum'mawa lili ndi mahotela akuluakulu, mabanki ndi malo odyera ambiri, koma ndi laphokoso. Tsidya la kumadzulo lili ndi nyumba zazing'ono za alendo zoyendetsedwa ndi mabanja, pakati pa minda ya nzimbe, ndipo kuli bata. Ine ndingasankhe kumadzulo, pafupi ndi doko, chifukwa ukagona kumeneko umafika pa manda a mafumu mabasi a alendo asanafike, komanso boti la anthu onse limene limawoloka mtsinje moyang'anizana ndi kachisi wa Luxor limatenga mphindi zochepa chabe ndipo ndi lotsika mtengo. Mlatho wakale wa magalimoto uli patali kum'mwera kwa mzinda, kotero kuwoloka pa takisi n'kuzungulira.

Ndalama ya kumeneko ndi paundi ya ku Egypt. Matikiti olowera m'malo akuluakulu masiku ano amagulidwa ndi khadi la kubanki, choncho onetsetsani kuti khadi lanu likugwira ntchito kunja kwa dziko lanu musananyamuke. Ngakhale zili choncho, sungani ndalama zing'onozing'ono zambiri m'thumba lapadera, chifukwa boti, chimbudzi, madzi akumwa ndi kangachepe kothokozera alonda, kamene iwo amakatcha bakshish, zonsezi zimafuna ndalama yapamanja, ndipo chenje chimasowa.

Lachisanu madzulo: kachisi wa Luxor

Kachisi ameneyu ali pakati penipeni pa mzinda ndipo amakhala wotsegula mpaka usiku, magetsi atayatsidwa, choncho ndi malo oyenera kuyambira. Mbali yaikulu ya mkati inamangidwa ndi Amenhotep III, ndipo chipata chachikulu chakutsogolo anachiwonjezera ndi Ramesses II, amene analamulira zaka 66 ndipo anajambulitsa pamenepo nkhondo yake ya ku Kadesh. Kutsogolo kwa chipatacho mudzaona chipilala chimodzi chachitali chosongoka, chosemedwa pa mwala umodzi, ndipo pambali pake pali malo opanda kanthu. Chinzake chinatengedwa kupita ku France ndipo chinaimikidwa pa Place de la Concorde mumzinda wa Paris m'chaka cha 1836.

Mukalowa m'bwalo loyamba, tukulani maso kumanzere. Pamwamba pa khoma pali mzikiti wa Abu al-Haggag, ndipo khomo lake lakale lili m'mwamba, pamene munthu sangafike popanda makwerero. Izi zili choncho chifukwa pa nthawi imene mzikitiwo unkamangidwa, kachisi anali atakwiririka m'dothi ndi zinyalala za zaka mazana ambiri, ndipo anthu ankamanga nyumba zawo pamwamba pake. Ofukula zakale atachotsa dothilo m'zaka za m'ma 1880, mzikiti unatsala m'mwamba, ndipo anthu akupempheramobe mpaka lero. Mkati kwambiri muli chipinda chimene asilikali a Chiroma anachipaka zithunzi zawo, komanso kachipinda kopatulika kamene kali ndi dzina la Alexander Wamkulu. Musathamangire kutuluka m'khonde la zipilala 14 zikuluzikulu, chifukwa pa makoma ake pali zithunzi za chikondwerero cha Opet, pamene chaka ndi chaka zifanizo za milungu Amun, Mut ndi Khonsu zinkanyamulidwa m'mabwato opatulika kuchokera ku Karnak kubwera kuno, motsagana ndi oimba ng'oma, ovina ndi asilikali. Kuwala kwa magetsi kochokera pansi kumachititsa kuti zosemazi zioneke bwino kuposa masana.

Musanapite kogona, imani pang'ono pa msewu wa zifanizo za mikango ya mitu ya anthu umene umayambira kutsogolo kwa kachisiyu. Msewuwu ndi wotalika pafupifupi makilomita 2.7, umakafika ku Karnak, ndipo unatsegulidwanso mu November 2021 ntchito yofukula itatha. Gonani msanga, chifukwa Loweruka liyamba kusanache.

Loweruka: tsidya la kumadzulo

Pangani mgwirizano ndi woyendetsa takisi Lachisanu lomwelo, wa tsiku lonse, ndipo mutchule malo onse amene mukufuna kupita, nthawi yoyamba, nthawi yomaliza ndi mtengo, mumvane musanakwere. Nenaninso poyera ngati simukufuna kuima pa mashopu a miyala yosema, chifukwa madalaivala ambiri amalandira kenakake akabweretsa ogula, ndipo kuima kumodzi kotere kungakudyereni ola la m'mawa limene simungalipezenso.

Yambirani ku Chigwa cha Mafumu pamene zipata zikutsegulidwa, cha m'ma 6 koloko. Chigwachi chili ndi manda oposa 60, pansi pa phiri la el-Qurn limene nsonga yake imafanana ndi piramidi. Mafumu a nthawi imeneyo anasiya kumanga mapiramidi oonekera patali n'kuyamba kubisa manda awo m'matanthwe, komabe pafupifupi onse anafunkhidwa kalekale. Tikiti wamba imakulolani kulowa m'manda atatu mwa amene ali otsegula tsiku limenelo, pakuti oyang'anira amawatsegula mosinthanasinthana pofuna kuteteza utoto ku chinyezi cha mpweya wa anthu. Mlonda amaboola tikitiyo pakhomo la manda alionse, choncho werengani chikwangwani ndi kusankha musanayambe kulowa.

Ngati ali otsegula, manda a Ramesses IV ndi abwino kuyambira, chifukwa ali pafupi ndi polowera, njira yake ndi yotakasuka ndi yosatsetsereka kwambiri, ndipo utoto wake udakali wowala. Manda a Ramesses III ndi aatali, ali ndi tizipinda tam'mbali tojambulidwa zida, mipando ndi oimba azeze, ndipo pakati pake njira imakhota mwadzidzidzi. Kukhotako kunabwera chifukwa okumba anaboola mwangozi manda a mfumu ina, Amenmesse, ndipo anayenera kusintha kolowera. Manda a Merenptah amatsika kwambiri, ndipo amene ali ndi vuto la mawondo kapena la mtima ayenera kuganizira kaye za ulendo wobwerera kumtunda.

Palinso manda amene amafuna tikiti yapadera, ndipo apa mpofunika kuganiza bwino. Anthu ambiri amathamangira manda a Tutankhamun, amene Howard Carter, wofukula zakale wa ku Britain, anawapeza mu November 1922 ndi thandizo la ndalama za Lord Carnarvon. Mandawo ndi aang'ono, chipinda chimodzi chokha ndicho chili ndi zithunzi, ndipo zinthu zoposa 5,000 zimene zinapezekamo zinasamutsidwira ku nyumba zosungiramo zakale za kudera la Cairo, ngakhale mtembo wa mfumu yachinyamatayo udakali momwemo. Ngati ndalama zikulolani tikiti imodzi yokha yapadera, ine ndikulangizani kuti mugule ya manda a Ramesses V ndi Ramesses VI. Mukafika m'chipinda chomaliza, yang'anani kudenga: mulungu wamkazi Nut watambasula thupi lake kuchokera mbali ina ya denga kufika mbali ina, akumeza dzuwa madzulo, dzuwalo likuyenda m'thupi mwake usiku wonse, kenako akulibereka m'mawa. Pamenepa munthu amamvetsa chifukwa chimene mafumuwa ankafunira kuikidwa kumadzulo, pakuti ankakhulupirira kuti adzayenda ulendo womwewo ndi dzuwa n'kutulukanso. Manda a Seti I, amene Giovanni Belzoni wa ku Italy anawapeza mu 1817, ndi otalika kuposa mamita 100 ndipo zosema zake ndi zaluso koposa onse m'chigwachi, koma tikiti yake ndi yokwera mtengo kwambiri.

Otsogolera alendo saloledwa kufotokoza zinthu mkati mwa manda, kotero ngati mwalemba wina, adzakufotokozerani panja ndipo mudzalowa nokha. Musagwire makoma, musayedzamire, ndipo muzimitse kuwala kwa kamera. Mlonda wina angakuitaneni kuti akuonetseni chithunzi china pakona kapena kukulowetsani kuseri kwa chingwe, akuyembekezera kangachepe. Kuonetsedwa chithunzi kulibe vuto, koma kudumpha chingwe kanani, chifukwa utoto umene wakhala zaka zoposa 3,000 umawonongeka ndi dzanja limodzi la thukuta.

Kuchokera pamenepo pitani ku Deir el-Bahari, ku kachisi wa Hatshepsut, mkazi amene analamulira monga mfumu kwa zaka pafupifupi 20 m'zaka za m'ma 1400 BC. Kachisiyu ali ndi nsanja zitatu zosanjikizana patsinde pa thanthwe lalitali, ndipo dzuwa limaomba pamenepo mosatchingidwa, choncho musapitirize 10 koloko musanafike. Anthu ambiri amangojambulitsa pa makwerero n'kubwerera. Inu kwerani pa nsanja yapakati, mupite kumanzere, mufufuze zithunzi za ulendo wa malonda wopita kudziko lakale lotchedwa Punt: muona nyumba zomangidwa pa mitengo, zombo zikupakiridwa katundu, ndi amuna atanyamula mitengo ya lubani yamoyo, mizu yake ili m'madengu, kuti akaibzale kwawo. M'malo ambiri mudzaona kuti chithunzi cha Hatshepsut chinagobedwa mwadala. Izi zinachitika iye atamwalira, mu ulamuliro wa Thutmose III.

Tsopano ndi pamene magulu ambiri amabwerera ku hotela, koma malo amene ndimawaona kuti ndi ofunika koposa tsiku limeneli ndi Deir el-Medina, mudzi wa amisiri amene anakumba ndi kujambula manda a mafumu aja. Makoma a nyumba pafupifupi 70 adakalipo, zothithikana m'mbali mwa kanjira kamodzi, ndipo munthu ukaima pamtunda umatha kuona chipinda cholandirira alendo, chipinda chogona, khitchini ndi poyambira makwerero opita padenga. Anthu a m'mudzimu ambiri ankadziwa kulemba, ndipo anasiya zolemba zikwizikwi pa zidutswa za miyala ndi mapale. Mwa zolembazo muli kaundula wa anthu ojomba kuntchito pamodzi ndi zifukwa zawo: wina analumidwa ndi chinkhanira, wina ankafulula mowa, wina ankadwala maso, wina ankakonza mtembo wa mbale wake. M'chaka cha 29 cha ulamuliro wa Ramesses III, tirigu amene ankalandira monga malipiro anachedwa kufika, ndipo amisiriwo anasiya zida, anapita kukakhala pansi pa akachisi a mafumu kudandaula za njala. Kunyanyala ntchito kumeneku ndi kumodzi mwa koyambirira kumene kunalembedwa m'mbiri ya anthu, ndipo chikalata cha gumbwa chofotokoza nkhaniyi chili ku Turin, m'dziko la Italy.

Amisiriwa ankadzikumbiranso manda awo pa phiri loyang'anizana ndi mudzi. Tsikani m'manda a Sennedjem, amene anapezeka osakhudzidwa m'chaka cha 1886. Makwerero ake ndi opapatiza, mkati mumatentha, ndipo kachipindako kamangokwana anthu ochepa, koma pa khoma la kumapeto mudzaona mwini mandawo ndi mkazi wake atavala zoyera, akulima ndi ng'ombe ziwiri, akufesa ndi kukolola tirigu wamtali m'munda wozunguliridwa ndi madzi, pansi pake pali mzere wa mitengo ya zipatso. Kumeneko ndiye kumwamba kumene munthu wamba ankakulakalaka, munda wachonde wosasowa madzi. Mukaona manda a mafumu okha mudzabwerera mukudziwa zimene mafumu ankakhulupirira, koma pano mpamene mungadziwe manja amene anagwira ntchitoyo ndi moyo umene eni manjawo ankakhala.

Masana pumulani. Pezani malo odyera a pamthunzi pafupi ndi kachisi wa Medinet Habu, idyani mosafulumira, imwani madzi ambiri a m'botolo, ndipo musatuluke mpaka dzuwa litapendeka. Chakudya cha kumeneko ndi chosavuta: nyemba zophikidwa usiku wonse zotchedwa ful, tizitumbuwa ta nyemba totchedwa taameya, ndiwo zamasamba zoterera za molokhia, nkhunda zoikidwa mpunga kapena tirigu m'mimba, ndi buledi wonenepa wa kum'mwera wotchedwa aish shamsi, amene amamufufumitsa padzuwa asanamuotche. Chakumwa chofiira cha karkade ndi madzi a nzimbe ongofinyidwa kumene zimathetsa ludzu bwino.

Cha m'ma 3 koloko lowani ku Medinet Habu, kachisi wa Ramesses III, amene ndi mmodzi mwa osungika bwino kwambiri ndipo kawirikawiri mumakhala anthu ochepa. Polowera pake anamanga motengera linga la nkhondo la ku Syria. Zolemba za pamakoma anazigoba mozama moti dzanja likhoza kulowamo, ndipo pansi pa madenga a makonde utoto wabuluu, wofiira ndi wachikasu udakalipo. Zungulirani kunja kwa khoma la kumpoto kuti muone nkhondo ya pamadzi yolimbana ndi mitundu imene olemba mbiri amaitcha Anthu a Kunyanja, ndipo m'mabwalo a mkati muona alembi akuwerenga milu ya manja odulidwa a adani. Ndi zithunzi zowawa, koma zimasonyeza mmene ufumuwo unkafunira kuonedwa pa nthawi imene mphamvu zake zinayamba kuchepa. Pobwerera ku doko imani mphindi zochepa pa zifanizo ziwiri za Memnon, zotalika pafupifupi mamita 18, zimene kwenikweni ndi za Amenhotep III ndipo zinkalondera kachisi wake amene anagumuka kalekale. Chakumpotocho chitang'ambika, chinkatulutsa mawu m'bandakucha, ndipo alendo a nthawi ya Aroma, kuphatikizapo mfumu Hadrian m'chaka cha 130 AD, ankabwera kudzamvetsera. Zolemba zawo za Chigiriki ndi Chilatini zili pa miyendo yake.

Kachisi wa Ramesses II wotchedwa Ramesseum, Chigwa cha Mafumukazi ndi manda a nduna muwasiye ulendo uno, pokhapokha mphamvu zikadalipo. Manda a Nefertari, mkazi wa Ramesses II, okongola kwambiri m'chigwa cha mafumukazicho, amatsekedwa nthawi zambiri pofuna kuwateteza, kotero funsani kaye musanawaike pa ndondomeko yanu.

Lamlungu: Karnak

Makampani ambiri adzakukopani kuti mukwere baluni m'bandakucha kuti muone zigwa ndi minda muli m'mwamba. Maonekedwe ake ndi okongola, koma ulendowo umadalira mphepo, umatha kulephereka tsiku lomwelo, ndipo umakulandani maola abwino kwambiri a tsiku. Pa ulendo wa masiku awiri, maola amenewo ndi a Karnak.

Karnak si kachisi mmodzi, koma ndi malo aakulu amene mafumu ankawonjezerapo zomanga zawo kwa zaka pafupifupi 2,000, polemekeza makamaka mulungu Amun. Fikani pamene akutsegula ndipo mukonze maola osachepera atatu. Mukadutsa pakati pa zifanizo za mikango ya mitu ya nkhosa zamphongo n'kulowa pa chipata choyamba, tembenukani muyang'ane kuseri kwake. Chipatachi sichinamalizidwe, ndipo mulu wa njerwa zadothi umene omanga ankakwezerapo miyala udakali wotsamira pakhoma. Funso limene aliyense amafunsa, loti anthuwa ankakweza bwanji miyala yolemera chonchi popanda makina, yankho lake lina lili pamenepo.

Kenako pitani molunjika m'holo ya zipilala 134 anthu asanachuluke. Zipilala 12 zapakati ndi zazitali pafupifupi mamita 21, zinazo ndi zofupikirapo, ndipo kusiyana kumeneku kunapereka mpata wa mawindo a miyala amene ankalowetsa kuwala pang'ono m'holo imene kale inali yofoleredwa. Ena mwa mawindowo adakalipo m'mwamba. Chokani pa njira yapakati, mulowe m'mbali mmene muli zii, ndipo muyerekeze mbali ziwirizi: kumpoto, kumene kunagwiridwa mu ulamuliro wa Seti I, zithunzi zambiri ndi zotukuka pamwamba pa mwala ndipo ndi zosalala, pamene kum'mwera, kwa mwana wake Ramesses II, zambiri ndi zogobedwa kulowa mkati, njira yofulumirirapo. Kunja kwa holoyi, chakum'mwera, kuli khoma limene Shoshenq I analembapo mayina a mizinda imene anaigonjetsa ku Palestine, ndipo akatswiri ambiri amati iyeyu ndiye Sisaki wotchulidwa m'Baibulo. Chapafupi pomwepo palinso mawu a pangano la mtendere limene Ramesses II anachita ndi Ahiti.

Mukapitirira holoyi kulowa mkati mwa kachisi, muli chipilala chosongoka cha Hatshepsut, chotalika pafupifupi mamita 30, chimene chinasemedwa ku Aswan n'kubwera pa mtsinje. Pitirirani mpaka ku holo ya Thutmose III kumapeto, kumene alendo ambiri safika, ndipo mufunse kachipinda kamene pamakoma ake anasemapo zomera ndi mbalame zimene mfumuyo inaziona pa nkhondo zake za ku Syria. Pobwerera dzerani ku dziwe lopatulika limene ansembe ankasambamo. Pambali pake pali chifanizo cha kachilombo kogubuduza ndowe chimene alendo amachizungulira pofuna mwayi, mwambo umene ndi wa masiku ano ndipo simuyenera kuutayira nthawi. Nthawi imeneyo ndi bwino kuipereka ku bwalo la kumpoto kwa polowera, kumene akatswiri anamanganso tiakachisi timene mafumu ena anatigumula n'kugwiritsa ntchito miyala yake ngati zodzazira makoma. Kachisi woyera wa Senusret I, wa zaka pafupifupi 4,000, ali ndi zolemba zosemedwa mosamala kwambiri moti nthenga za mbalame iliyonse zimaoneka.

Dzuwa likakula, pitani ku Luxor Museum, nyumba yosungiramo zakale imene ili m'mbali mwa mtsinje pakati pa akachisi awiri aja, koma funsani kaye maola ake chifukwa amasintha malinga ndi nyengo. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1975, ndi yaing'ono, mkati mwake ndi mozizira, ndipo zinthu zake ndi zochepa koma zosankhidwa bwino. Muli zifanizo zimene zinapezeka zitakwiriridwa pansi pa bwalo la kachisi wa Luxor m'chaka cha 1989, khoma lomangidwanso la kachisi wa mfumu Akhenaten, ndi mtembo wa mfumu Ahmose I. Madzulo, ngati mphepo ilipo, kwerani bwato la thanga lotchedwa felucca kwa ola limodzi dzuwa likamalowa, mutagwirizana mtengo ndi nthawi musanakwere.

Za ogulitsa, zovala ndi zogula

Anthu ambiri a ku Luxor amadalira alendo kuti apeze chakudya, ndipo m'mbali mwa mtsinje mudzaitanidwa kosalekeza ndi eni mabwato, oyendetsa ngolo za mahatchi ndi ogulitsa nsalu. Musakwiye. Kunena kuti "la, shukran", kumene ndi kukana mothokoza, uku mukupitiriza kuyenda, kumakwanira. Mukafuna kugula, kunenerera mtengo ndi mwambo wa pamsika, koma funsani momveka ngati mtengo wotchulidwawo uli m'mapaundi a ku Egypt, komanso ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa gulu lonse. Ngati mukufuna kukwera ngolo, yang'anani kaye hatchiyo, ndipo ikakhala yowonda, ya zilonda kapena yotsimphina, musakwere.

Valani zovala zopepuka zophimba mapewa ndi mawondo, amuna ndi akazi omwe, chifukwa dera la kum'mwera kwa Egypt limasunga kwambiri mwambo, komanso nsalu imateteza khungu ku dzuwa. Nsapato zikhale zotseka ndi zolimba, pakuti pansi pali miyala ndi fumbi. Musajambule apolisi, asilikali kapena malo awo ofufuzira, musajambule anthu, makamaka amayi, musanapemphe, ndipo musabweretse kandege kojambulira ka drone, chifukwa n'koletsedwa popanda chilolezo.

Munthu wina angakunong'onezeni kuti ali ndi kachifanizo kapena mkanda weniweni wochokera m'manda. Nthawi zambiri zinthu zoterozo ndi zopangidwa posachedwa, ndipo zikakhala zenizeni, lamulo la dziko la Egypt la 1983 loteteza zinthu zakale limaletsa kuzigulitsa ndi kuzitulutsa m'dziko, ndipo chilango chake ndi ndende. Lamulo lomwelo likukhudza kutola kachidutswa ka mwala kapena phale pansi pa kachisi. Gulani zopangidwa lero kwa amisiri a lero, monga miphika ya mwala wa alabasitala, nsalu zoluka pamanja kapena maluwa ouma a karkade, ndipo zosweka muzikulunge m'zovala musanapite ku bwalo la ndege, limene lili pamtunda wa makilomita ochepa kum'mawa kwa mzinda.